Chala cha Rahimu

Fordsburg, Joni
Lamulungu, 14 Meyi 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Tausi, amayi anu ndi onse a pamudzi. Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino.

Katundu ndapereka lero m'manja mwa a Ibrahimo onyamula katundu aja, ndipo a Masudi anzanga a m'chipinda chimodzi analipo. Muli bulangete lobiriwira, nsapato za Tausi za ku shikola, ndi mankhwala opaka a amayi. Bulangetelo musalichape musanamasule ulusi wofiira wa kumphepete. Ndasokeramo marandi 4,000. Ndalamayo ndi ya malata basi. Mugule makumi awiri. Mphepo ya mu Marichi ija inatikwana, udzu sitifoleranso.

Za lamya musadandaule. Ndikudziwa kuti mpaka mukwere pachulu cha kwa amalume anu kuti mugwire netiweki ya ku Malawi, ndipo mawu anga amamveka kwa aliyense wokhala pafupi. Zofunika ndizilemba.

Ntchito ikuyenda. Patarau, bwana wathu uja, walandira ntchito ya makatani a hotela ina. Ine ndikudula nsalu, a Masudi akusoka. Pali kanthu kakang'ono kokha. Patsinde pa chala cha mkombaphala, kudzanja lamanja, patupa ngati nzama. Sipapweteka pokhapokha ndikagwira sizasi nthawi yaitali. A Masudi akuti ndi ndalama zimene ndimakana kutulutsa, zaunjikana pamenepo. Ine ndikuganiza kuti ndi sizasi yomweyo, ndi yolemera.

Chifuwa cha amayi chili bwanji? Muwatengere ku chipatala, musadikire kuti kuzizire.

Ndine wanu,
Rahimu

Lamulungu, 18 Juni 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Kalata yanu ndalandira, ndi matemba omwe. A Masudi anadya theka asanafunse kuti ndi a yani.

Ndakondwa kuti malata afika. Mwati mudzi wonse unatuluka kudzaona akutsitsidwa pangolo, ena mpaka kuwagogoda kuti amve kulimba kwake. Ndinaseka ndekha. Mmisiri mumuuze ayambe kufuna mitengo, koma asadule yaiwisi.

Kotupa kaja kakula, tsopano kali ngati dzira la njiwa. Ndinapita ku kiliniki ya pafupi. Anamwino anati mwina ndi kathumba ka madzi kamene kamatuluka pamfundo, kosaopsa. Anazimitsa magetsi n'kukanikiza tochi pamenepo. Akuti kakanakhala ka madzi, kuwala kukanadutsa. Sikunadutse. Anandilembera kalata ya ku chipatala chachikulu.

Kumeneko anajambula dzanja. Ndinaona mafupa anga ndi maso angawa. Fupa la m'chikhatho limene limanyamula chalacho silinali ngati anzake. Lafufuma, ndipo m'kati muli timabowo ngati thovu la sopo. Dotolo wa manja ndi mayi wachichepere, Chingerezi chake ndi chothamanga. Mwayi wanga muli namwino wa ku Maputo, a Ivete, ndiwo amandimasulira m'Chipwitikizi. Akuti chithunzi chimangosonyeza kuti chinthu chilipo, sichinena dzina lake. Lachinayi likudzali aboola ndi singano yaikulu, atengeko kanyama kukayesa. Ndinafunsa ngati ndi choopsa. A Ivete anati tidikire. Ananena akuyang'ana mapepala.

Pa Idi musaphe mbuzi yaikazi, ili ndi bere. Tausi mumugulire kansalu ka kumutu. Izi za dzanja amayi musawauze.

Wanu,
Rahimu

Lamulungu, 23 Julayi 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Moni kwa nonse. Ine ndilipo.

Kalatayi muwerenge muli nokha.

Lachiwiri pa 18 anandiitana. M'chipindamo munali dotolo, a Ivete ndi ine. Akuti ndi chotupa cha m'fupa. Si khansa yothamanga ija, koma si chaulemu. Chimadya fupa kuchokera m'kati, ndipo chikasiyidwa nthawi zina chimakafika m'mapapo. Chifuwa changa anajambula tsiku lomwelo, mulibe kanthu. Alihamudulila.

Ndinafunsa ngati sangangochipala n'kusiya chala. Dotolo anati chikanakhala chaching'ono akanapala n'kudzaza fupalo. Changa chapyapyalitsa khoma la fupa ngati chikamba cha dzira, akapala chidzameranso. Ayenera kuchotsa chala chonse pamodzi ndi fupa lake, mpaka kufupi ndi mfundo ya dzanja. Anapinda chala chake kuti ndione mmene dzanja lidzakhalire. Anati chala chapakati chimaphunzira ntchito ya chinzake, sizasi ndidzagwiranso.

Ine ndinati, "Nanga popemphera swala ndidzakweza chiyani?"

A Ivete sanamasulire. Anangoti, "Bambo, limenelo si la dotolo."

Anandipatsa pepala losaina. Ndinati ndikaganize kaye. Anandilembera tsiku, 15 Ogasiti.

Tsopano mvetserani. Malata musakhome. Mmisiri mumuuze adikire. Alowetseni m'nyumba, muwafunditse mphasa.

Za a Adamu mukuzidziwa. Anabwera kuchokera kuno opanda zala ziwiri, makina ochekera matabwa atawadula, n'kutsegula loja, sitolo yofolera malata, pamsika. Mwana wa alongo awo atamira m'nyanja, anthu anaphatikiza okha: zala anagulitsa ku Joni kuti alemere, ndipo mankhwalawo afuna mwana. Akazi awo anatengedwa ndi abale awo, ndi ana omwe. Mpaka lero munthu amalolera kupalasa njinga mpaka ku msika wa ku Chiuta kukagula mchere kusiyana ndi kulowa m'loja imeneyo.

Ine ndine mkamwini pamudzi panu. Malata anthu awaona. Amayi akutsokomola. Sindiwonjezera.

Rahimu

Lamulungu, 20 Ogasiti 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Ndamva chisoni kuti amayi anagonekedwa ku chipatala cha ku Mecanhelas. Mwachita bwino kugulitsa mpunga thumba limodzi, musadziimbe mlandu. Muziwaphikira phala lothira nsinjiro, ndipo asakhale pafupi ndi pamene mukuwambira nsomba.

Mwafunsa katatu m'kalata imodzi ngati ndinapita pa 15. Tsikulo ntchito inali yambiri.

Kuno kuli munthu wa ku Mangochi amene amapereka mafuta opaka. Ndikuyesa. Chikuoneka ngati chasiya kukula, kapena ndi maso anga. Patarau anandibwezera makatani awiri, akuti mzere wapita ngati njira ya ng'ombe. Wandichotsa pa sizasi, tsopano ndikusita ndi kulongedza. Malipiro atsikako pang'ono, mwezi uno ndatumiza marandi 600 okha.

Mwati amalume anu afunsa chifukwa chake malata akugona m'nyumba ngati alendo. Muwauze kuti mitengo sinaume. Musawauze china.

Amayi achire kaye, za dzanja tiona pambuyo. Mukhululuke zilembo, cholembera ndachigwira ndi chala chachikulu ndi chapakati.

Rahimu

10 Sepitembala

Alamu,

Asalamu aleikumu. Musadabwe ndi zilembo, ndine Masudi. Amuna anu ali pabedi apa, dzanja lili m'chikhakha. Andiuza ndilembe kuti ali bwino, kuzizira kwatha, ndipo mbuzi musagulitse. Ndalemba. Tsopano ndilemba zanga, iwo akuganiza kuti ndikadali pa mbuzi.

Lachitatu amanyamula mpukutu wa nsalu kuika pathebulo. Si wolemera, ngakhale Tausi akananyamula. Tinangomva thyo! ngati bango louma. Munthu anakhala pansi, nkhope yatuwa, osalira. Fupa lija lathyoka.

Ndinawaperekeza ndine ku chipatala. Anawalowetsa m'makina aakulu aphokoso ojambula mpaka mnofu. Dotolo uja sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoika chithunzi cha mu Juni ndi chatsopano pamodzi. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona. Chotupa chatuluka m'fupa, chikutsamira fupa la chala chapakati. Anatenga cholembera n'kulemba mzere padzanja lawo, kuzungulira chala chimodzi. Anati lero ndi apa. Analemba wina wotenga zala ziwiri. Kenako wina pamwamba pa mfundo, pamkono penipeni.

Awapatsa tsiku lina, 10 Okutobala. A Ivete akuti anthu odikira ndi ambiri, akaphonyanso ili malo apita kwa wina ndipo lotsatira ndi chaka chamawa.

Titatuluka ndinati, "Rahimu, ukufuna ukafike kwanu ndi zala zonse khumi uli m'bokosi?"

Iye anati, "Bola m'bokosi. Tausi anthu sadzamuloza chala."

Ndinati, "Iwe, mafuta a wa ku Mangochi aja ndi ophikira, ndinawanunkhiza ine." Sanaseke.

Lachisanu ndinawakokera kwa shehe wa pamzikiti wathu. Shehe anati kudula chiwalo chodwala kuti munthu akhale moyo si tchimo. Chimakulungidwa m'nsalu yoyera n'kukwiriridwa mwaulemu ku manda a Asilamu. Za swala anati Mulungu safunsa munthu chala chimene alibe. Amuna anu anavomera ndi mutu bwinobwino. Tikuvala nsapato pakhomo anandinong'oneza, "Shehe sakhala kumudzi kuja."

Alamu, ine ndalephera. Munthu uyu mpeni sakuuopa. Akuopa pakamwa pa anthu a kwanu, ndi kuti amalume anu adzamuchotsa pamudzi, mwana n'kutsala. A Ibrahimo anyamuka mawa, abwerera kuno sabata yoyamba ya Okutobala. Chimene mungathe kuwapatsira, muwapatsire. Mumamudziwa ndinu.

Matemba mutumizenso. Wodwala sakudya, koma sangaonongeke.

Mlamu wanu,
Masudi

Lamulungu, 8 Okutobala 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Ndalemba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. A Masudi sindidzawapatsanso cholembera.

A Ibrahimo anafika Lachisanu. Ndinafunsa kalata, anati palibe. Anandipatsa matemba ndi kaphukusi. Nditamasula ndinapeza bafuta woyera, watsopano, wosasoka. Ndinaganiza za amayi. A Ibrahimo anati, "Khala pansi, palibe wafa. Akazi ako atiimitsira msika."

Anandifotokozera, ndipo ndikubwereza kuti mundiuze ngati awonjezera.

Akuti linali tsiku la msika. Munadutsa pakati pa ogulitsa tomato mpaka ku loja ya a Adamu. Simunalowe. Munaima pakhomo n'kuyankhula mokweza ngati mukuitana bwato lili pakati pa nyanja.

"A Adamu, mundidulire bafuta, zikhatho ziwiri!"

A Adamu akuti anayang'ana kumbuyo kwawo, kuganiza kuti mukuitana wina. Kenako anati, "Mayi, kansalu kotero n'ka maliro a yani? Ngakhale khanda sikangakwane."

"N'ka chala cha amuna anga. Chili ndi chotupa m'fupa, madotolo a ku Joni achidula pa 10 mwezi wamawa. Chikakwiriridwa ku manda. Sitinagulitse, sitinalandire kanthu. Malata tinagula chala chilipo, munawagogoda nokha mu Juni."

Akuti ngakhale wa chigayo anazimitsa injini. Amalume anu anabwera akuthamanga, kofia ili m'manja.

"Mwana iwe, za m'nyumba ukulengeza pamsika?"

"Malume, ndikabisa mudzazinena nokha, ndipo mudzazinena zokhota."

A Adamu anadula nsaluyo ndi dzanja lawo la zala zitatu lija. Ndauyang'ana mzere wake, ndi wowongoka kuposa wanga wa mwezi watha.

Mawu a amayi afikanso. Akuti, "Mukamuuze mkamwini, chifuwa changa ndinachitenga ku utsi wa nsomba iye asanamere mano. Asachilowetse m'nkhani za chala chake."

Amake Tausi, sindikudziwa ngati ndikuthokozeni kapena ndikukalipireni. Usiku woyamba ndinakwiya. Miyezi itatu ndasunga chinthu, inu mwachiyala padzuwa ngati usipa. Koma tsopano mudzi wonse ukudziwa tsiku. Ndikapanda kupita, nsaluyi ndiibweza bwanji?

Mawa ndigonekedwa, Lachiwiri adula. Ndapempha a Ivete kuti chala asataye. Akuti chipita kaye kukayesedwa m'mbali monse, aone ngati chotupa chachoka chonse, kenako andibwezera. Za chala chapakati dotolo wati adzadziwa akatsegula. Ndasaina kuti akachipeza chagwidwa, achotsenso. Kuchedwa kunali kwanga.

Zikavuta, makina anga osokera ali kwa achimwene ku Amaramba, adzakhale a Tausi. Koma sizivuta, Mulungu akalola. Mundipempherere.

Wanu,
Rahimu

Lamulungu, 5 Novembala 2023

Amake Tausi,

Asalamu aleikumu. Moni kwa amayi, kwa Tausi ndi kwa inu. Ine ndili moyo.

Lachisanu pa 3 Novembala, itatha swala ya Juma, tinakwirira chala ku manda a Asilamu. Analipo ndi awa: shehe wa pamzikiti wathu, a Masudi, a Ibrahimo, ndi ine mwini. A Ibrahimo ndinawadikira dala abwere, kuti wofuna kufunsa kumudziko afunse munthu amene anaona ndi maso.

Anandipatsa chili m'botolo la mankhwala, chatuwa, chodulidwadulidwa poyesa paja. Sindikanachizindikira pakanapanda chikhadabo chimene ndinachiboola ndi singano ya makina chaka chatha. Tinachikulunga m'bafuta wanu. Anakwana, n'kutsalako pang'ono. Anakumba ndi a Masudi, kadzenje kofika m'chigongono. Ndikuthira dothi anati, "Maliro oyamba awa mwini wake kudziikira yekha." Shehe anawayang'ana mwaukali, koma ndevu zimagwedera.

Chala chapakati chatsala. Dotolo wati chotupa chinachitsamira koma sichinalowe, ndipo oyesa apeza m'mbali monse muli bwino. Anati sabata zochepa zikanasintha nkhani. Sizinathe kwenikweni. Chotupa chamtunduwu chimatha kubwerera, choncho azindijambula dzanja ndi chifuwa miyezi ingapo iliyonse kwa zaka ndithu. Masiku amenewo sindidzaphonya ngakhale limodzi.

Ulusi anachotsa. Dzanja lachepa, likuoneka ngati la munthu wina. Kuli mayi wophunzitsa manja amene amandipatsa mabatani kuti ndizitola ndi chala chachikulu ndi chapakati. Oyamba anagwa onse. Sizasi sindinayambe. Patarau wati ndikhalebe pa kusita, za kudula tiona mu Januwale. Kalatayi ndayamba ndi lamanja, apa ndasinthira lamanzere.

Chinthu chimodzi sindinauze munthu. Pa swala, pofika pamene timakweza chala, ndimachimva chikukwera. Ndikayang'ana palibe. A Ivete anandichenjeza kale kuti zimachitika, thupi limachedwa kumva uthenga. Ine sizikundivuta.

A Ibrahimo akuti ena akunenabe, ndipo amalume anu sanapondebe pakhomo panu. Anene. Simunaname, inenso sindinamanso.

Mvula yayandikira. Tulutsani malata, muitane mmisiri, akhome dzuwa likuswa mtengo. Misomali mukagule kwa a Adamu, ndipo ulendo uno mulowe m'kati.

Ndibwera mu Disembala ndi a Ibrahimo. Amalume anu muwauze kuti ndidzayambira kwawo, ndipo moni ndidzawapatsa ndi dzanja lamanja. Akafuna awerenge, zilipo zinayi.

Ndine wanu,
Rahimu